Diso Lamanzere la Goloboyi wa pa Zalewa

Dokotala wa ku Harare anati masabata asanu ndi limodzi, koma kwa Kalisto Mwadzangati zinamveka ngati zaka. Asathamange, asanyamule cholemera, asagwetse ng'ombe pa dipi, asakwere njinga m'misewu ya mabampu, ndipo mpira asauyandikire n'komwe. Kalisto anali mlangizi wa ziweto pa Zalewa, komanso goloboyi wa timu ya pamalopo kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mukachotsapo ng'ombe, njinga ndi mpira, pa munthuyo pankatsala zochepa.

Vutolo linayamba mu Ogasiti wa 1998, akusewera ndi timu ya ku Magaleta. Anadumphira mpira wa pakona, wina n'kumugunda ndi bondo pambali pa diso lamanzere. Anadzuka, nasasa fumbi, n'kumaliza masewerowo bwinobwino. Patapita masiku atatu anayamba kuona kung'anima m'mphepete mwa disolo, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Kenako kunabwera timadontho takuda toyandama ngati tintchentche, akatiingitsa ndi dzanja osachoka. Dokotala wa maso ku Blantyre anati kansalu ka mkati mwa diso kang'ambika pang'ono, ndipo kakapanda kumatidwa msanga kamatuka konse, diso n'kuzimiratu. Kumata kwake kunali kwa makina a leza, otentha ndi kuwala, omwe ku Blantyre kunalibe. Mlongo wake wa Kalisto, yemwe anakwatiwa ku Harare, ndiye anakonza zonse. Kalisto anakwera basi pa Zalewa pomwepo, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, ndipo ntchito imene anaivutikira ulendo wonsewo inatha m'mphindi makumi awiri.

Pobwerako anapeza nkhani itamutsogolera. Pamsika ankati amuwotcha diso ndi magetsi. Ena ankati amuika la mbuzi. Amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu ankamupatsa moni akumuyang'anitsitsa, kufuna kuona ngati m'disomo mwatsala chipsera.

Sabata yoyamba anaipirira. Yachiwiri inamukanika. Akatenga tsache kuti asese pabwalo, mkazi wake Esnart ankamulanda, ati kuwerama n'koletsedwa. Akalowa kukhitchini ankamutulutsa. Anamasula wailesi yomwe inalibe vuto, n'kulephera kuibwezera. Ankayenda wapansi mpaka pa mlatho wa Shire, n'kuima pamenepo kuwerenga malole opita ku Tete, n'kubwerera, akafika pakhomo n'kutembenukanso.

"Bambo a Linda, khalani pansi," ankatero Esnart. "Mukundizunguza mutu. Ngati nkhuku yosowa poikira."

"Ndikungowongola miyendo."

"Miyendo yanuyo inapindika liti?"

Nthawi yovuta kwambiri inali ya folo koloko. Bwalo la mpira linali pafupi ndi nyumba yawo, ndipo anzake akayamba kukonzekera masewero, kugunda kwa mpira kunkamupeza pakhonde. Mwendo wake unkadzidzimuka wokha.

Chinthu chimodzi ankachita m'mawa uliwonse osauza munthu. Ankapita pabwalopo kukadali zii, n'kuima pakati pa mitengo ya golo lakumadzulo. Kutsidya kwa bwalo kunali sitolo ya Che Shaibu, tcheyamani wa timu, ndipo pakhoma pake panalembedwa malembo akuluakulu akuti ZONSE N'NTHAWI. Pansi pake panali ang'onoang'ono: Tigulitsa palafini, sopo, mchere ndi singano. Kalisto ankatseka diso lamanja ndi chikhatho, n'kuwerenga ndi lamanzere lokha. Masiku oyamba ankathera pa sopo. Atafika pa singano koyamba, anabwerera kunyumba akuimba mluzu, Esnart n'kumufunsa ngati watola ndalama.

Pagolo panalowa Gerishon, wokonza njinga pansi pa mlambe wa pamphambano, munthu wa manja aatali amene anakhala zaka zinayi akudikira kuti Kalisto adwale ngakhale chimfine. Sankagwira moipa. Timu inapambana kawiri iye ali pagolo, n'kufika mu ndime yomaliza ya chikho chimene anagula bambo wina wofuna kudzaima pa chisankho cha chaka chotsatira. Masiku amenewo aliyense wofuna uphungu ankayamba wakonda mpira.

"Aise, pumula bwino," Gerishon ankakuwa Kalisto akamadutsa. "Golo lako ndikulisamala ngati mkazi wa m'bale wanga."

"N'chimene chikundidetsa nkhawa," ankayankha Kalisto.

Sabata yachisanu ndi chiwiri anapitanso ku Blantyre. Dokotala anamuunika nthawi yaitali, kenako anazimitsa tochi yake.

"Kamata bwino. Thamangani, sewerani. Mukaonanso kung'anima, kapena mdima ukubwera chakumbali ngati nsalu, musadikire kuti kuche kawiri, bwerani. China n'chakuti m'diso limeneli musalowe kanthu kalikonse kupatula madzi oyera ndi mankhwala amene ndakupatsaniwo. Maso ambiri amene ndawaona akufa sanafe ndi nthenda ayi. Anafa ndi chithandizo cha achibale."

Kalisto anavomera ndi mutu. Mu minibasi pobwerera, atadutsa pa Lirangwe, m'pamene anakumbukira beseni la mankhwala a timu la a Ezekiele. Anayesa kuganiza zina.

Tsiku loyamba kubwerera pagolo linamuchititsa manyazi. Mpira woyamba wobwera cha kumutu anauthawa, nkhope n'kuitembenuzira kumbali ngati mwana woopa mbama. Anzake anaseka, Gerishon kuposa onse. Kalisto anawauza kuti amenyenso, ndipo anamenyanso, mpaka dzuwa linalowa. Pofika Lachinayi khosi linasiya kumupereka. Ankaugwira mpira akuuona mpaka m'manja. Lachisanu Che Shaibu analengeza kuti mawa, pokumana ndi timu ya ku Matope, pagolo pakhala Kalisto.

Tsono timu ya pa Zalewa inali ndi mwambo wake. A Ezekiele, mkulu wofolera nyumba amene anasewerako mpira ali mnyamata ku migodi, ndiwo anali dokotala wa timu. Masewero akakhala aakulu, ankasinja mizu ndi masamba awo, n'kuviika m'beseni kuseri kwa sitolo ya Che Shaibu. Wosewera aliyense ankasamba miyendo ndi kumaso. Goloboyi ankabwera pomaliza, ndipo iye yekha ankamiza nkhope yonse m'madzimo ali chitong'olere, a Ezekiele akuwerenga mpaka khumi, ati kuti mpira uzimuonekera waukulu ngati dzungu. Zinkaluma m'maso, koma pakapita kanthawi zinkaleka. Kalisto anachita zimenezi zaka zisanu ndi ziwiri osafunsa kanthu. Lamulo linali limodzi: wosasamba asaponde m'bwalo, chifukwa amasukulutsa mankhwala a anzake onse.

Loweruka m'mawa anadzuka akusowa pokhala. Anamanga zingwe za nsapato, n'kumasula, n'kumanganso. Esnart anali atawiritsa madzi, ndipo atazizira anawathira m'botolo lalikulu.

"Awa ndi osukusulira fumbi likakulowani," anatero. "Za beseni zija mwawauza?"

"Ndikaona konko."

"Mukaona ndi chiyani? Ndi diso lomwelo?"

"Mayi a Linda, zaka zonsezi ndakhala ndikusamba, sindinafe."

"Zaka zonsezo diso linali losang'ambika. Tamverani. Mukakamiza nkhope yanu m'matope aja, mukakhale konko kwa a Ezekiele. Azikakutsogolerani ndi ndodo ndi iwowo."

Kalisto ankadziwa kuti mkaziyo akunena zoona, ndipo n'chimene chinamukwiyitsa.

Dzuwa litapendeka pang'ono, timu inasonkhana kuseri kwa sitolo. Kubwalo ng'oma zinali zitayamba, ndipo lole ya anthu a ku Matope inali itafika kale. Osewera khumi anasamba mmodzimmodzi. Atatha, a Ezekiele anatulutsa kamtolo kena m'thumba la jekete, n'kukhuthulira zosinjasinja zake m'beseni, n'kutakasa ndi kamtengo.

"Izi ndakusungira iwe, mwana wanga," anatero mokoma mtima. "Lero ndawonjezera mphamvu. Diso lako analiwotcha ndi moto anthu aja, ndiye lifunika kuliziziritsa. Bwera."

Kalisto anagwada. Madziwo anali obiriwira moderako, atadutsamo miyendo makumi awiri. Pamwamba pake pankayandama tizitsotso takuda, tofanana ndendende ndi tintchentche tija. Anamva ng'oma, anamva fungo la mizu, anaona maso a anzake onse ali pa iye. Anaweramitsa mutu mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza madzi. Kenako anadzuka.

"Madala, pepani. Sindisamba."

"Wati chiyani?"

"Adokotala anandiletsa. M'diso ili musalowe kanthu."

"Kodi awa ndi kanthu? Awa ndi mankhwala!"

"Ndisambe miyendo yokha, kapena pamphumi."

"Goloboyi amagwira ndi miyendo?" A Ezekiele anaponya kamtengo pansi. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndakusunga pagolo ine. Lero wakwera basi ya ku Harare, mankhwala anga asanduka uve eti?"

Osewera anayamba kulankhula onse pamodzi. Wina anati amize ali chitsinzinire. A Ezekiele anati kumeneko n'kunamiza mankhwala, ndipo mankhwala sanamizidwa. Kalisto anatembenukira kwa tcheyamani.

"Che Shaibu, nenanipo kanthu."

Che Shaibu anakweza manja onse awiri. "Ine za beseni sindilowererapo, achimwene. Chipembedzo changa mukuchidziwa. Ine ndimangobwereketsa beseni."

"Nthawi ikutha," anatero Gerishon, atavula kale malaya. "Enafe maso athu ndi achikuda."

Anagwada n'kumiza nkhope. A Ezekiele, atakwiya, anawerenga pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Palibe anakumbukira kuti madziwo anali atawonjezeredwa mphamvu chifukwa cha munthu wina. Gerishon anavuuka akupuma mwabefu, maso ali psuu.

"Eee, lero ndiye alipo!" anatero akuseka. "Mpira ndiuona ngati nyumba."

Kalisto anavula jezi ya pagolo n'kumupatsa. Kunena zoona, sinali jezi koma malaya a kampeni okhala ndi nkhope ya mwini chikho pachifuwa. Komabe powavula manja anamulemera.

Masewero anayamba. Kalisto sanaloledwe kudutsa mzere wa phulusa wozungulira bwalo, choncho anakaima kuseri kwa golo lakum'mawa, kumene Gerishon anayambira. Kuima kwake sikunali kuima. Ankapita kumtengo uwu, n'kubwerera kumtengo uwo, mpira ukakwera iye n'kunyanyamphira, ukatsika n'kuwerama. Anthu ankamufunsa ngati diso lambuzi lakana, iye osawamva.

Sipanapite mphindi khumi, anaona kuti zinthu sizili bwino. Gerishon ankangotikita m'maso ndi mkono, misozi ili chuchuchu.

"Aise, uli bwino?"

"Fumbi chabe. Usandisokoneze."

"Kumanzere! Akubwera kumanzere kwako!"

Gerishon anadumphira kumanja. Mpira unadutsa pakati pa mitengo n'kukagwera m'manja mwa Kalisto, yemwe anaugwira bwino kwambiri, kungoti anali kuseri kwa golo. Anthu a ku Matope anathamangira m'bwalo akuvina, fumbi lili koboo.

Chigoli chachiwiri chinali chomvetsa chisoni. Mpira unabwera ukugubuduzika mwaulesi, woti ngakhale nkhalamba ikanauponda, koma Gerishon anawerama mpirawo utadutsa kale pakati pa miyendo yake.

Oyimbira ataliza wenzulo ya kupuma, anamutulutsa Gerishon atamugwira dzanja. Zikope zinali zitatupa, maso osatseguka. Esnart anatulukira m'chigulu cha anthu, botolo lija lili m'manja.

"Mugonekeni chagada. Inu, mugwireni mutu. A Gerishon, tsegulani maso, musachite ngati mwana."

"Mlamu, akuwotcha!"

"Akuwotcha kumene. Mumayesa ndi tiyi?"

Anamuthira madziwo pang'onopang'ono, diso ili kenako ilo, mpaka botolo linatha. Gerishon anayamba kuphethira, nati akuona anthu koma ngati ali m'utsi. Che Shaibu anatuma munthu kukaitana dokotala wa pa chipatala chaching'ono amene anali pakati pa oonerera.

A Ezekiele anaima poteropo, chipewa chili m'manja. Ankayang'ana maso a Gerishon, n'kuyang'ana Kalisto, n'kuyang'ananso Gerishon. Funso linali m'kamwa mwa aliyense koma palibe ankafuna kuliyamba: pagolo palowa ndani?

Mkuluyo anatsokomola.

"Ndakumbukira," anatero. "Amene anandipatsa mankhwalawa ananena kuti goloboyi maso ake enieni ali m'manja. Akaviika manja, zakwana."

"Madala," anatero Kalisto, "mwakumbukira lero? Zaka zisanu ndi ziwiri?"

"Ukalamba, mwana wanga. Udzauona. Tiye msanga."

Anathamangira kuseri kwa sitolo. Kalisto anaviika manja mpaka m'zigongono, a Ezekiele akuwerenga mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Pobwerera, Kalisto atavala malaya onyowa ndi thukuta la Gerishon, Esnart anamuimitsa pa mzere wa phulusa.

"Manja amenewo mwasamba?"

"Akasamba asukuluka," anatero a Ezekiele.

"Ndiye mumve, bambo a Linda. Manja amenewo asafike kumaso. Kaya muyabwidwa, kaya mulowa fumbi, kaya ntchentche ikutera pa diso penipeni. Madzi aja atha."

"Nanga thukuta?"

Esnart anamasula duku wake wamaluwa ofiira, naupinda, n'kumumanga pamphumi mwamphamvu. Kalisto atalowa m'bwalo, anthu a ku Matope anafa nacho chiseko.

"Zalewa yatha! Alowetsa amayi a mvano pagolo!"

Matimu anali atasinthana mbali, ndipo Kalisto anaima pa golo lakumadzulo, lomwe lija la m'mawa uliwonse. Manja ankamunyerenyetsa. Dzuwa la Okutobala linkamuwotcha m'khosi, ndipo posakhalitsa thukuta linayamba kuzemba pansi pa duku n'kutsikira m'zikope. Dzanja linanyamuka lokha. Analibweza lili panjira. Anapukusa mutu ngati ng'ombe yoingitsa ntchentche. Sanadziwepo kuti munthu amagwira kumaso kwake kangati pa ola mpaka tsiku limenelo.

Mpira woyamba unabwera wapansi, anaugwira. Wachiwiri anaukankhira kunja. A Zalewa anabweza chigoli chimodzi, ng'oma n'kudzukanso. Kenako, kutatsala mphindi zochepa, a Matope anapeza kona.

Kalisto anaona wosewera wawo wina wamtali akubwera kudzaima pafupi naye, chakumanzere. Zinalinso chimodzimodzi mu Ogasiti: kona, chigulu cha anthu, bondo. Akanatha kukhala pamzere n'kusiya anzake alimbane nawo, ndipo palibe akanamunena. Mpira unanyamuka, n'kupindikira chapagolo. Miyendo yake sinamufunse. Anatuluka, nadumpha, naugwira pamwamba pa mitu yonse, ndipo phewa la wamtali uja linamupeza pansagwada. Anagwa chagada, mpira uli pachifuwa.

Kunang'anima.

Anagona pomwepo osasuntha. Phokoso la anthu linkamveka ngati lili kutsidya kwa mtsinje. Kodi kunali kung'anima kwa m'diso, kapena dzuwa limene anagwa atalipenya? Anadikira mdima uja wobwera chakumbali ngati nsalu. Anadzuka pang'onopang'ono, mpira osausiya. Dzanja linafuna kukatseka diso lamanja monga mwa masiku onse, koma anakumbukira. Anabisa disolo ndi phewa, khosi litapindika, n'kuyang'ana kutsidya kwa bwalo, pamwamba pa mitu ya anthu.

ZONSE N'NTHAWI. Amenewo ngakhale wakhungu akanawerenga. Anadikira fumbi litsike. Tigulitsa palafini. Sopo. Mchere.

Oyimbira anafika akuthamanga. "Agolo, muli bwino? Mupitiriza?"

"Ndi singano," anatero Kalisto.

"Mwati chiyani?"

"Ndati tiyeni."

Anaumenya mpirawo kutali, mpaka unakagwera pafupi ndi golo linalo. Sizinathandize. Masewero anatha a Matope atapambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo chikho chinakwera lole. Mwini chikho analankhula nthawi yaitali za chitukuko, anthu akubalalika.

Kalisto anapita kunyumba manja atawatambasulira kumbali ngati wanyamula zidebe. Anadzera pa mlambe, pomwe anapeza Gerishon atakhala pa benchi, nsalu yonyowa ili pamaso. Adokotala anali atamuthira mankhwala, nati pofika Lachiwiri adzakhala bwino.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Gerishon.

"Mwini mkazi uja umandisamalira pagolo."

"Aa, mutengeni, aise. Ngwaukali."

Kunyumba Esnart anamuthirira madzi pakhonde. Anasamba ndi sopo katatu, mpaka m'zigongono, mkaziyo akuyang'anira zikhadabo chimodzichimodzi. Atakhutira anamupatsa kansalu koyera. Kalisto anakhala pa mpando, napukuta kumaso, n'kupukutanso, nthawi yaitali.

"Mawa m'mawa mupitanso kukawerenga sitolo ya Che Shaibu?" anafunsa Esnart akumasula duku wake pamutu pa mwamunayo.

Kalisto anatsitsa kansalu. "Mumadziwa?"

"Zalewa yonse imadziwa. Che Shaibu amafuna kupentanso khoma lija mwezi watha, ndinawapempha kuti adikire."

Kalisto anayang'ana kubwalo. Mbuzi zinali zitalowamo kale, zikununkhiza phulusa la pamzere.

"Muwauze adikirebe pang'ono," anatero.